Ku Kepi Safunsa Kawiri

Mwanangu Sitefano,

Ndakhala pakhonde, pepala ndaliyala pa kathabwa kaja unkalembapo masamu ndi khala. Iwe wapita kutsidya kwa dambo kukatsazika atsibweni ako, ndiye ndapeza mpata. Ukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Ndikati ndikuyankhule maso ndi maso ndimangoti “wadya?” basi. Nchifukwa chake ndapempha mapepala kwa aphunzitsi. Kalatayi uwerenge lero lomwe ukabwera, usaisunge kuti ukawerengere m’sitima, pakuti muli kanthu kamene kayambe mawa mmawa usanatuluke m’nyumba muno.

Amayi ako okubereka, akulu anga, anandisiyira iwe mano ako akutsogolo atangogweluka kumene. Kuyambira pamenepo anthu akhala akunena kuti unatengera ine kufatsa. Amanena moyamikira, koma ine ndikamva mtima umandigunda, chifukwa ndikudziwa chimene kufatsako kunandichita kumene ukupitako. Pamudzi pano ndine ndekha ndinapondako ku Kepitauni. Sindinapite ngati wophunzira monga iwe. Ndinapita ngati mlezi, nditangotha msinkhu, adona a ku mishoni atanditenga kuti ndikawagwirire mwana popita kukaona kwawo. Zambiri sindinakuuzepo chifukwa zinkandichititsa manyazi. Lero ndinena, ndipo ukafuna kuseka useke.

Tinayenda pansi mpaka ku Shire, adona ali m’machila, ine pambuyo mwana ali kumsana. Masiku ano akuti kuli njanji yochokera ku Kabula. Ine sindinaione, ukandilembere ngati nzoona kuti sitima yoyenda pa njanjiyo imapuma mwa phuma ngati munthu wokwera phiri la Chongoni atasenza nkhuni. Tinatsika ndi kasitima ka pamtsinje mpaka ku Chinde, kumene madzi alibe tsidya. Sitima yaikulu siifika kumtunda. Anatitengera pakati pa madzi, ndipo anatilowetsa m’dengu lalikulu lomangidwa ku chingwe, natikoka m’mwamba ngati nkhuku zopita kumsika. Ukaliona dengulo usaope. Ugwire m’mphepete, usayang’ane pansi. Ine ndinayang’ana pansi.

M’sitimamo adona anagwidwa ndi chizungulire ndi nseru, sankatuluka m’kachipinda kawo. Ife anthu akuda tinkakhala panja, kumbuyo kwa sitima. Itakwana nthawi ya kudya anabwera Mmwenye wina wogawa chakudya, nandilozera mbale ya mpunga ndi nyama. Ine ndinachita monga tinaleredwera. Ndinagwetsa nkhope, ndinapukusa mutu, ndinati, “Ayi, ndakhuta.” Ukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Mlendo amakana, mwininyumba amati, “Aa, idyani, mwachokera kutali.” Mlendo amakananso, mwininyumba amamukankhira madzi osamba m’manja, ndiye pamenepo amadya. Ndinadikira kuti anenenso. Munthu uja anangotukula mapewa, napereka mbaleyo kwa wotsatira. Madzulo chimodzimodzi. M’mawa mwake chimodzimodzi. Mumtima ndinkati bamboyu akundiyesa ngati ndinaleredwa bwino, ndipo ndinkalimbikira kukana kuti ndisachititse manyazi mudzi wathu. Ndinkangotola nyenyeswa za mabisiketi a mwana.

Tsiku lina ndikuimirira, mwana ali m’manja, ndinaona mdima. Pamene ndinkatsitsimuka ndinali chigonere pa matabwa, mwana akulira m’manja mwa bambo wina wakuda bii ndi malasha. Anali Mmang’anja wa ku Chiromo, wosonkha moto wa sitima.

“Iwe mtsikana, ukudwala kapena ukusala?” anandifunsa.

“Sindikudwala.”

“Nanga bwanji sudya? Ndakhala ndikukuona.”

Ndinayankha chapansipansi kuti, “Sanandikakamize.”

Bambo uja anaseka mpaka kutsokomola. “Akukakamize ndani? Muno ndi mwa amako? Uyu ali ndi pakamwa pambiri poti adyetse. Iwe ukapukusa mutu iye amakondwa kuti mbale yatsala. Tamvera, wa kumapiri iwe, ukangodutsa Chinde munthu amafunsidwa kamodzi.”

Kenaka anandilozera pamene ndinagwera. Panali pafupi ndi mpanda wa m’mphepete, ndipo pansi pa mpandawo panali mpata woti mwana akanatha kupitapo. Sitefano, ulemu wanga unatsala pang’ono kuponya mwana wa eni m’nyanja. Mbale ikabwera, landira. Ngati uli ndi njala, nena kuti uli ndi njala. Kumeneko safunsa kawiri.

Mwina ukuti iwe sungachite zoterozo. Nanga mwezi wathawu, kwa aphunzitsi? Anandiuza okha akazi awo. Munachedwa ndi maphunziro, mvula ya mawawa inayamba, anakuuza kuti ugone komweko ndipo anakutulutsira bulangete. Iwe unati sukumva kuzizira. Iwo anali otanganidwa ndi mwana wodwala, anaiwala kubwereza, ndipo m’mawa anakupeza utadzipinda pafupi ndi phulusa ngati kagalu. Amenewo ndi anthu akwathu, odziwa mwambo, anangoiwala tsiku limodzi. Nanga kwa anthu amene mwambowo saudziwa nkomwe?

Tsono za kuzizira. Ife a ku Dedza timadzitama kuti chisanu timachidziwa. Ndinkaganiza choncho inenso. Koma dziko limenelo nlotembenuka, mwanangu: mvula imagwa m’miyezi yozizira. Kuno mu Juni kumazizira koma kouma, umawotha dzuwa kuseri kwa nkhokwe n’kumva bwino. Kumeneko mu Juni mvula imabwera chopingasa ndi mphepo yochokera m’nyanja, zovala siziuma, makoma amatuluka thukuta. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti nanga amadzala liti, poti mbewu imafuna mvula ndi kutentha pamodzi. Sindinafunse. Iwe ukafunse.

Kunyumba kwa amayi awo a adona kunkabwera mayi wina wochapa zovala, dzina lake Sara, wa khungu lofiirira, wamfupi, wa mawu aakulu ngati mtondo ukamasinjidwa. Chinenero chake sindinkachimva, changanso sankachimva. Atandiona ndikunjenjemera m’nsalu yanga imodzi, anabwera ndi chijasi chakuda, cholemera, chonunkha nsomba ndi fodya. Pambuyo pake ndinamva kuti chinali cha amuna ake, msodzi amene anamira. Anachitambasula kuti ndivale. Ukuganiza kuti ndinatani, ine amene ndinali nditaphunzira kale m’sitima? Ndinabisa manja kumbuyo, n’kupukusa mutu. Ndinkati phunziro lija linali la chakudya chokha, koma chinthu chachikulu chotere munthu sungachilandire msangamsanga ngati unkachiyembekezera. Sara anandiyang’ana, nachipachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, napitiriza kuchapa. Chinakhala pamenepo. Tsiku ndi tsiku ndinkachidutsa mano akugundana. Kuchitenga ndekha ndinkaona ngati kuba, poti ndinali nditakana. Kupempha, pakamwa sipankatseguka.

Chifuwa chinandigwira. Ndinagona m’kachipinda ka pansi pa makwerero, thupi lili moto, ndikumva ngati wina wandikhazika mwala wa mphero pamtima. Sara analowa ndi chijasi chija, nandiponyera, nandikulunga mwaukali ngati akumanga mtolo wa udzu. Anandikalipira nthawi yaitali m’chinenero chake. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinamva zonse, chifukwa ankaloza pakamwa panga, kenaka pa msomali, kenaka pamutu panga, n’kugogodapo ndi chala. Atatha anakhala pansi nandimwetsa msuzi wotentha ndi sipuni. Akanapanda iye, bwenzi ndili m’dothi la eni, ndipo iwe ukanaleredwa ndi wina.

Apa ndiye pagona mantha anga onse. Amayi ako anapita ndi chifuwa. Iwenso chaka chilichonse nkhungu ikatsika m’phiri umayamba kutsokomola usiku, ndimakumva ngakhale umabisa kukamwa m’nsalu. Kuno ndimadzuka n’kukufunditsa osakufunsa. Kusukulu kumeneko mudzagona anyamata ambiri m’chipinda chimodzi, ndipo woyang’anira sadzayenda kumvetsera kuti akutsokomola ndani. Bulangete likachepa, pita ukanene. Nsapato zikalowa madzi, nena. Ukamva kubaya m’nthiti, usadikire kuti wina aone yekha, pita tsiku lomwelo kwa wamankhwala. Maphunziro sindikuda nawo nkhawa, mutu uli nawo. Ndikuopa kuti ungadwale mwakachetechete, mwaulemu, mpaka anthu n’kudzazindikira mochedwa. Kumeneko safunsa kawiri, ndipo nthawi zina safunsa nkomwe.

Ndikuuzenso za kusochera, poti udzasochera ndithu, aliyense amasochera. Kuno njira timaidziwa ndi mtengo wa msuku, chulu, mwala wosweka. Kumeneko nyumba nzogundana, zosanjikizana, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Nditachira anandituma kukayendetsa mwana. Pokhota ndinaika chizindikiro: mayi wina wogulitsa maluwa, atakhala pakona ndi zidebe zake. Inde, kumeneko maluwa amagulitsa, ndipo anthu amagula, maluwa osadyedwa! Ndinati pobwerera ndidzakhotera pa mayi wa maluwa. Pobwerera mayi uja anali atagulitsa n’kupita kwawo. Ndinazungulira, ndinazungulira, mapazi anatupa. Anthu anali ponseponse ngati nyerere, koma sindinaime kufunsa aliyense. Ndinkadikira kuti wina andifunse kuti, “Kodi mwasochera?” monga tichitira kuno tikaona mlendo akuyang’anayang’ana pa mphambano.

Dzuwa lili pamutu kunalira mzinga. Phiri lonse la kumbuyo kwa mzinda linayankha. Ine ndinakumbuka ndili mwana, mmene tinkathawira m’mapanga a Chongoni tikamva mfuti, ndipo ndinati nkhondo yafika. Ndinamukumbatira mwana, ndinadziponya pansi pa ngolo imene inaima m’mbali mwa msewu. Ndili pansipo ndinkaona miyendo ya anthu ikungoyenda bwinobwino, wina anaima n’kutulutsa wotchi m’thumba. Kenaka nkhope inasuzumira, ya bambo wa ndevu zoyera, mwini ngoloyo, wogulitsa nsomba. Anaseka mpaka misozi. Mzinga umenewo amauliza tsiku lililonse masana kuti anthu akonze mawotchi awo. Masiku onse aja ndinkaumva ndili m’nyumba ndinkayesa bingu la dziko lotembenukalo. Bamboyo anamuzindikira mwana, chifukwa ankabwera pakhomo pathu ndi nsomba m’mawa uliwonse akuliza lipenga lake, ine n’kumathawira kuseri kwa chitseko osamupatsa moni. Anatikweza pa ngolo pakati pa madengu a nsomba, natifikitsa pakhomo akuliza lipenga ngati wabweretsa mkwatibwi.

Ndiye chizindikiro chako chikhale chinthu chosachoka. Kuli phiri lalikulu kumbuyo kwa mzinda, lathyathyathya pamwamba ngati wina analisadza ndi mpeni, ndipo nkhungu imagonapo monga ichitira pa phiri la Dedza. Usanatuluke pa geti la sukulu, uyang’ane kuti phirilo lili ku dzanja liti. Ndipo anthu obwera pakhomo tsiku ndi tsiku, wa nsomba, wa mkaka, wosesa, wochapa, uziwapatsa moni ngakhale ndi mawu awiri okha a chinenero chawo. Sungapatse moni mzinda wonse, ndinayesa tsiku loyamba ndipo anandiyesa wamisala. Koma amenewa uwadziwe. Ndiwo adzakutole.

Kanthu kena kakang’ono. Kumeneko “odi” sagwira ntchito. Zitseko nzochindikala, zotseka nthawi zonse. Umagogoda ndi mfundo za zala, mwamphamvu, ndipo ukalowa umayang’ana munthu kumaso. Ndikudziwa kuti nzovuta, ngati kutukwana wamkulu. Koma iwo ukayang’ana pansi amati ukubisa kanthu. Ndanena izi chifukwa cha tsiku lija unakatenga kalata yako ya ulendo ku mishoni, unaima pakhonde kuyambira mmawa ukuti “odi, odi” ngati njiwa, mpaka wophika anakupeza dzuwa litakwera. Unabwera n’kundiuza kuti kunali anthu ambiri. Wophikayo ndi mlamu wa atsibweni ako, mwanangu. Pano palibe chobisika.

Sindikunamiza kuti onse ndi a Sara. Ena adzakukankhira kunja kwa njira yoyendamo anthu, ena adzakuitana ndi mayina oipa, malo ena adzakuuza kuti munthu wa khungu lako salowa. Zinandichitikira, ndipo zimawawa mpaka lero ndikakumbuka. Usamenyane nawo, uli kutali ndi kwanu. Koma usalole kuti anthu otere akutseke pakamwa kwa anthu onse. Ine wina atandikalipira m’sitolo ndinakhala masabata osayankhula ndi aliyense koma mwana wosadziwa kuyankha. Ndinadzilanga ndekha pa mlandu wa wina.

Tsopano ndikutume. Ine ndinabwerako ndi maso odzaza koma mutu wopanda mayankho, ndipo mafunsowa andikhala zaka zonsezi ngati minga ya chisoso pa nsalu. Nyanja imathawa m’mawa n’kusiya mchenga ndi tinkhono, kenaka imabwerera. Imapita kuti, ndipo amaiitana ndani? Kuli ngolo zazikulu zoyenda pa njanji pakati pa msewu, zopanda ng’ombe, zopanda moto, zili ndi ndodo yokhudza chingwe cha m’mwamba, ndipo ndodoyo imalavula nyenyezi. Chimazikoka nchiyani? Nyale za m’misewu zina zilibe mafuta, zilibe chingwe choyatsa. Madzi amatuluka pakhoma ukapotoza kachitsulo, ngakhale m’chipinda cham’mwamba. Amakwera bwanji, poti madzi sakwera phiri? Nanga anthu onse aja, opanda munda ndi umodzi womwe, nkhokwe zawo zili kuti? Ndinkayang’ana kuseri kwa nyumba iliyonse, sindinaione. Ukafunse aphunzitsi ako, ukafunse ndi wosesa yemwe, undilembere m’Chichewa chosavuta. Ndikufunadi kudziwa. Komanso ndikudziwa kuti ukamafunsira ine, pakamwa pako padzazolowera kutseguka.

Madzi a m’nyanjayo ndi amchere, zimenezo ndinalawa ndekha. Ndinadabwa kuti ife kuno timavutika kudontheza chidulo, pamene kwina mchere uli thetheee mpaka kumene maso alekezera. Ndinatunga m’botolo, ndinalibisa m’nsalu ulendo wonse wobwerera. Nditafika ndinawathira m’phale n’kuwiritsa, ndipo panatsala kamchere kongokwana pa chikhatho. Amayi ako anakathira m’nyemba, iwe unadya nawo, uli kamwana, unanyambita mbale. Ndiye nyanja imeneyo unailawa kale, siidzakuona ngati mlendo.

Usanditenge molakwa, sindikuti mwambo wathu ndi woipa. Pakati pa anthu odziwana ndi wokoma, umapatsa mwininyumba mpata woonetsa mtima wake. Ukadzabwera kuno usadzalande mbale kwa atsibweni ako asanamalize nkuyankhula komwe, angadzati ku Kepi anakuphunzitsa umbombo. Ndiponso theka lina la mwambowo upite nalo. Chaka chamawa kusukuluko kudzafika mnyamata wina wochokera kumudzi ngati wathu, adzakhala pakona, adzapukusa mutu mbale ikabwera. Iwe udzamudziwa ndi mmene akugwetsera nkhope. Ameneyo udzamufunse kawiri, katatu, mpaka adye. Kulandira uzilandira ngati wa ku Kepi, koma kupatsa uzipatsa ngati wa ku Chongoni.

Ndikuona ng’ombe za a Chimkoka zayamba kutsika, ndiye kuti uli pafupi kubwera. Nditsirize ndi kanthu kaja ndinanena poyamba.

Chijasi chakuda chimene ndimafunda pamwamba pa nsalu m’miyezi yozizira, chija unkabisalamo uli mwana n’kumati chikununkha mphaka, ndi chomwe chija cha Sara. Tsiku lonyamuka kubwerera kuno anachichotsa pa msomali nachitambasula, ndipo ulendo umenewo ndinalandira. Masabata awiriwa ukapita kumunda ndakhala ndikuchisoka. Ndafupikitsa manja, ndaika chigamba pa chigongono, mabatani awiri ndachotsa pa diresi langa la ku tchalitchi. Chikukwana, ndinayeza ndi malaya ako.

Mawa mmawa, onyamula katundu a ku mishoni asanafike, ndidzaima pakhomo nditachitambasula. Ndikudziwa zimene zidzabwere pakamwa pako. Udzati, “Ayi amayi, nanga inu mudzafunda chiyani mu Juni?” Udzakhala ukunena zoona, ndipo udzayembekezera kuti ndikukakamize monga ndakhala ndikuchitira kuyambira uli wogweluka mano. Mawa sindidzatero. Ndidzakufunsa kamodzi kokha, ngati Mmwenye wa m’sitima uja. Ukapukusa mutu ndidzachipachika pa chikhomo kuseri kwa chitseko, ndidzakuperekeza mpaka pa mtsinje, ndipo ndidzabwerera ndikulira, koma sindidzakuthamangira nacho. Za Juni wanga zisiye, nkhuni m’phirimu zilimo, ndipo ndaphunzira kupempha.

Ndikufuna ndione ndi maso anga, usanapite, kuti ukhoza. Mulungu akutsogolere pamadzi ndi pamtunda. Mawa utambasule manja onse awiri, mwanangu.

Ndine mayi ako wokulera,
Dorika Naphiri